Kapegi Kachikasu

"Amake Sigele, kodi ndani amaseweretsa kagalimoto pabwalo panu kusanache?"

Anandifunsa choncho Abiti Jafali, mnansi wanga, tili pampopi. Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira mtengo wa tomato, maso ali pa ndowa yawo. Iwo amadzuka kukali mdima kuti aswali, ndiye zambiri za kwathu kuno ku Chinamwali amaziona ife tikali m'tulo.

Ndinaseka. Ndinati mwina ndi Sigele, poti mwana ameneyo ndi timagalimoto take sasiyana.

"Ayi," anatero. "Zenera la Sigele limakhala lotseka. Ndimangomva kulira kwake, ngati udzudzu waukulu, kuzungulira, kuzungulira. Ndipo si lero lokha."

Anandisenzetsa ndowa, nandikonzera nkhata imene inapendekeka.

Sigele ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo. Bambo ake anapita ku Joni iye ali wamng'ono, ndipo ine ndamulera ndi makina osokera a pakhondepa. Atamaliza Fomu 4 anapeza malo kwa munthu wina wokonza mafoni kumsika. Kumeneko ndi kumene anamva za anthu a timagalimoto.

Kuseri kwa chigayo chakale kuli bwalo la netiboli lomwe simenti yake inang'ambikang'ambika. Loweruka lililonse masana, amuna akuluakulu, ena a imvi, amasonkhana pamenepo ndi timagalimoto ta rimoti. Amatitola pa kaunjika, m'mulu wa zidole, tambiri tili takufa. Ntchito imayambira pomwepo. Amachotsa mota yofooka n'kuikamo ya dirilo yowonongeka. Mabatire amasolola m'malaputopu otayidwa. Matayala amawaveka chubu cha njinga kuti azigwira simenti. Akatero amayala zidina pabwalo, n'kupanga msewu wokhotakhota, wooneka ngati nyemba yaikulu yokhala ndi chiuno pakati, ndipo amapikisana mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku loyamba limene Sigele anakaima pampanda n'kumaonerera, anyamata anamuseka. Amene anamuitana anali bambo Likongwe, dalaivala wa galimoto ya buledi amene anali atapuma ntchito. Anatsika pa kireti yawo imene ankaimapo poyendetsa, n'kumuuza kuti akwerepo aone bwino. Mawa lake anabwera pakhonde langa, chipewa chili m'manja.

"Mayi, mwana wanuyu ali ndi manja," anatero. "Mukamulola, ndizimuyang'anira kumeneko ngati wanga."

Anamuphunzitsa kuwotcherera mawaya. Anamupatsa ngakhale timbali tina ta m'kagalimoto kawo kakale kuti ayambirepo. Chifukwa cha timbalito, awiriwa ankagawana kapegi kamodzi.

Za timapegi anandifotokozera Sigele yemweyo, ine ndikusoka. Mkati mwa rimoti ndi mkati mwa kagalimoto muli kachitsulo kangati njere ya chimanga, ndipo kali ndi mtundu wake: kofiira, kobiriwira, kachikasu. Kagalimoto kamamvera rimoti ya mtundu wake. Anthu awiri a mtundu umodzi akayatsa nthawi imodzi, kagalimoto kamasokonezeka, sikadziwa womumvera. Ndiye pabwalo paja amapachika thabwa la misomali, ndipo pamsomali uliwonse pali kapegi koyanikira zovala kopakidwa penti. Ukafuna kuyendetsa umatenga kapegi ka mtundu wako n'kukapana pa kamlongoti ka rimoti yako. Ukamaliza umakabweza pathabwa. Wopanda kapegi sayatsa. Sigele ndi bambo Likongwe onse anali a chikasu, ndiye ankasinthana.

Bambo Likongwe anamwalira kuzizira kutangoyamba. Anagwa pakhomo pawo, anagona m'chipatala masiku ochepa, basi. Sigele analira kuposa mmene ndinkayembekezera, kenaka anabwerera ku timagalimoto take, ine n'kuganiza kuti zatha.

Madzulo a tsiku limene Abiti Jafali anandifunsa funso lija, ndinasesa bwalo langa kawiri, mpaka dothi linasalala ngati ufa. M'mawa ndinatuluka ndisanasambe ndi kumaso komwe. Pansi panali timizere tiwiri ta matayala, toyenda moyandikana, tobwerezabwereza malo amodzimodzi. Ndinakwera pakhonde kuti ndione bwino. Inali nyemba ija, ndi chiuno chake pakati. Phazi la munthu panalibe ngakhale limodzi.

Ndinadzutsa Sigele. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera kuchipinda. Kagalimoto kanali m'katoni yake pansi pa bedi, matayala ali ndi fumbi lofiira.

"Ndi mawaya akugundana, amayi," anatero. "Zimachitika."

"Mawaya amatsegula chitseko?"

Anabweza katoni pansi pa bedi. Madzulo anachotsa batire, n'kundipatsa m'manja. "Gonani nalo inu."

Ndinaliika m'dirowa ya makina, pamodzi ndi ulusi. Kutacha timizere tinali pabwalo ngati dzulo. Nditatsegula dirowa, batire lija linali lofunda ngati dzira limene nkhuku yangochokapo.

Kenaka kunabwera kapegi. Ndikuyanika mayunifomu a anthu, ndinapeza pachingwe kapegi kachikasu pakati pa tanga tosapaka penti. Ndinadziwa kuti ndi ka Sigele, ndinakabweza m'bokosi lake la zipangizo. Mawa lake kanali kopanidwa pa waya wa geti. Ndinakabwezanso. Tsiku lotsatira anakabweretsa ndi Abiti Jafali, atakakulunga m'kansalu kuti asakagwire ndi manja. Anati anakapeza pampanda wawo, mbali ya kunjira yotsikira kuchigayo.

"Kakuyenda," anatero motsitsa mawu. "Tsiku lililonse kakupita patsogolo pang'ono."

Masiku amenewo ndinkasoka ndi kusomola. Ndinaika manja a malaya chozondoka, ndinadula siketi ya mwana wa eni ake mofupikitsa. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuima, ndikaima ndinkapita kukasuzumira kuchipinda kwa Sigele. Iye analeka kupita kuntchito. Anali kumasula kagalimoto kaja ndi kukamanganso, kusintha mota, kusintha mawaya, kuika mota ina yamphamvu kuposa yoyamba. Chipinda chonse chinkanunkha mtovu wopsa. Chakudya ndinkachipeza mmene ndinachisiyira. Khosi lake linayamba kuoneka lalitali.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi zala zake. Akakhala phee, maso ali kutali, zala zake zazikulu zinkayenda zokha pamiyendo pake, china kutsogolo ndi kumbuyo, china uku ndi uko, ngati wagwira rimoti.

"Iwe Sigele, talankhula nane."

"Wina akundilanda chiwongolero, amayi," anatero. "Ndikafika pakona, ine ndikukhotera uku, iye akukhotera uko. Ndikapeza waya wake zitha."

Loweruka ndinatseka makina n'kumutsatira kubwalo. Amene amayendetsa zinthu kumeneko ndi Gomezgani, mnyamata wometa anthu, wapakamwa posatseka. Onse amangoti Gome.

"Ee, lero kwabwera masteni!" anafuula atandiona, n'kutembenukira kwa Sigele. "Sista, mwabweretsa loya? Ngakhale mubweretse abusa, lero mudya fumbi langa."

"Fumbi lako limatuluka ukamakankha ndi manja," anatero wina, onse n'kuseka. Gome yemweyo anandipezera chidina chabwino, n'kuchipukuta ndi chipewa chake kuti ndikhalepo.

Mpikisano womaliza unayamba dzuwa litapendeka kwambiri. Sigele anapana kapegi kachikasu pa rimoti yake. Poyamba zinkayenda bwino, kagalimoto kake kakuda kali patsogolo. Kenaka kanayamba kunjenjemera, kukhotera uku ndi uko ngati mbuzi yokokedwa ndi zingwe ziwiri. Ndinaona mitsempha ya m'manja mwa Sigele itatuluka.

"Ndani wayatsa chikasu?" anakuwa Gome. "Aise, zachibwana ayi! Zimitsani nonse, marimoti m'mwamba!"

Onse anazimitsa n'kukweza manja. Timagalimoto tonse tinaima pomwe tinali. Sigele nayenso anazimitsa, ndinamuona ndi maso angawa, anakweza rimoti yake pamwamba pa mutu.

Kagalimoto kakuda kanaleka kunjenjemera. Kanawongoka bwinobwino, kanapita pakona ya pachiuno paja, kanatambalala kunja kenaka n'kudulira mkati, kutsala pang'ono kukhudza chidina, mofatsa, mosathamangira. Bwalo lonse linali zii, kumangomveka kulira kwake kokha.

"Kona imeneyo," anatero Gome, mawu atasasa, "ankaidya choncho ndi madala okha."

Palibe anafunsa kuti madala ati.

Kagalimoto kanazungulira kamodzi, n'kutulukira pamene mpanda unagwa, kulowera njira yotsikira kumtsinje. Sigele anatsitsa manja n'kuyamba kukatsatira. Sankathamanga. Ankayenda ngati munthu amene waitanidwa ndi dzina.

Ndinamuitana, osatembenuka. Ndinataya nsapato imodzi pampanda paja, sindinabwerere. Kunali chisisira, nthawi imene munthu umamuona thupi koma nkhope osaizindikira. Njira imeneyo imadutsa m'minda ya chimanga chouma, n'kufika pa kalavati, ndipo kutsidya kwa kalavatiyo kuli mitengo ya kumanda. Kumeneko munthu salowako wamba, makamaka ife akazi.

Ndinakumana ndi mayi wina wosenza nkhuni, wosamudziwa. Anandipatukira, n'kunena ndikudutsa, "Fulumirani, mayi. Abambo aja atopa kuima."

"Abambo ati?"

"Pa kalavati apo," anatero, osacheuka chifukwa cha mtolo.

Ndinamupeza Sigele ataima pakamwa pa kalavati. Kagalimoto kanali patsogolo pake, pakati penipeni, matayala akutsogolo akukhotera uku, uko, uku, uko. Kutsidya, pamene mitengo imayambira, panaima chinachake chotalika ngati munthu wamwamuna, manja ali pachifuwa, ngati wagwira kanthu. Kumaso sindinayang'aneko, ndipo musandifunse. Kagalimoto kanasuntha pang'ono, Sigele n'kunyamula phazi.

Ndinamasula chitenje changa, ndinachiponya m'chiuno mwake, n'kukoka ndi mphamvu zonse ngati ndikubweza mwana wofuna kugwera pamoto. Tinagwera limodzi m'chimanga. Thupi lake linali lozizira ngati mtsuko wa madzi. Ndinamufungatira, ndikungoti, "Ndi ine, ndi amayi ako, ndi ine."

Gome anafika akupuma movutikira, nsapato yanga ili m'manja. Anatola kagalimoto ndi malaya ake poti kanali kotentha. Titayang'ana kutsidya kunali mitengo yokha.

M'mawa mwake ndinamugwira Sigele padzanja n'kupita naye kwa aNangozo, mkazi wa malemu Likongwe. M'nyumba munali mopanda kanthu. Achibale a mwamuna anali atanyamula mipando, wailesi, ngakhale makatani. Anatiyalira mkeka, natipatsa tiyi m'makapu awiri amene anatsala, iwo n'kumwera m'kabakuli. Ndinafotokoza zonse. Anamvetsera osadabwa, akuyang'ana zala za Sigele.

"Kagalimoto kawo anatenga mphwawo, kali kumudzi," anatero. "Ana akukakoka ndi chingwe. Koma rimoti ndinaibisa m'chitenje. Ndinawaikira m'bokosi, pachifuwa. Ndinati munthu anaikonda, apite nayo." Anausa moyo. "M'chipatala muja mawu anali atatha. Chimene ndinamva bwino ndi chimodzi. Ankati, Loweruka ndi langa. Ndinkayesa akunena za tsiku lawo lopita."

Sigele anayamba kulira mosatulutsa mawu. Kenaka zinatuluka.

Loweruka lomaliza limene bambo Likongwe anali moyo, onse awiri anafika mu mpikisano womaliza. Kapegi kachikasu n'kamodzi, ndipo tsikulo inali nthawi ya bambowo. Aka kanali koyamba kuti Sigele afike pamenepo. Iwo anachotsa kapegi pa rimoti yawo, n'kumuika m'manja. "Thamanga ndiwe lero, mwanangu. Loweruka likubwerali ndi langa." Sigele anathamanga, ndipo m'chisangalalo anaika kapegi m'thumba n'kubwera nako kunyumba.

"Nditamva za maliro sindinathenso kukabweza pathabwa," anatero. "Ndi chinthu chomaliza chimene anandipatsa m'manja. Gome anati ndizingokasunga, poti wachikasu ndatsala ndekha."

ANangozo anamupukuta misozi ndi chikhatho, ngati mwana wawo.

"Sindikhulupirira kuti akukufuna iweyo," anatero. "Sanali munthu wotero. Koma wakufa sadziwa mphamvu zake, mwanangu. Akamakoka chake, amakoka ndi amene wachigwira."

Ndinapita kwa Gome kumene amametera anthu, n'kumuuza kuti Loweruka awapatse bambo Likongwe nthawi yawo yopikisana. Anazimitsa makina, kasitomala ali ndi theka la mutu.

"Masteni, mukuti tipikisane ndi ndani?"

"Wamva."

"Nanga akapambana, botolo la Fanta la wopambana tiwapatsira kuti?" Anaseka yekha, kuseka kwake n'kuthera panjira. Anayang'ana pansi. "Anandikonzera mota kambirimbiri madala aja, osandiuza mtengo. Ndiwauza anyamata. Amantha akhale kunyumba."

Mlungu umenewo sindinagone tulo tabwino. Ndinakokera mphasa kuchipinda kwa Sigele, n'kugona chopingasa pakhomo. Kapegi ndinakasokerera m'thumba la diresi langa kuti kasayende, ndipo nthawi zina ndinkamva ngati kakundikoka pang'onopang'ono, mmene mwana amakokera chovala cha amake pamsika. Sigele anachotsa mota yamphamvu ija n'kubwezeramo yakale, imene anamusankhira bambo Likongwe. Anaveka matayala chubu chatsopano chofewa.

"Sankakonda liwiro lambiri," anandiuza. "Ankakonda kagalimoto komvera."

Loweruka kunabwera anthu ochepa kuposa masiku onse, koma anabwera. ANangozo anafika atavala zakuda zawo, Abiti Jafali atawagwira pamkono. Anyamata anathamanga mipikisano yoyamba mwakachetechete, opanda zonyozana. Dzuwa litapendeka, Gome anaitana womaliza.

Sigele anaika kagalimoto kakuda pamzere, pakati pa tinzake. Anachotsa mabatire mu rimoti yake, n'kundipatsa zonse kuti ndisunge. Ananyamula kireti ya bambo Likongwe, imene inkangokhala pambali chimwalirireni eni ake, n'kukaiika pafupi ndi mzati wa netiboli, pamene iwo ankaima. Ndinasomola thumba langa ndi mano. Sigele anatenga kapegi, anapita, anakapana pa kawaya kamene kanazungulira mzatiwo. Kenaka anabwera kudzaima pambali panga. Ndinagwira chitenje chake mwamphamvu, maso anga ali pamene mpanda unagwa.

Gome anayang'ana kireti yopanda munthu.

"Chikasu," anatero. "Mwakonzeka, madala?"

Matayala akutsogolo anakhotera uku, kenaka uko, n'kuwongoka.

Mluzu unalira. Timagalimoto tonse tinanyamuka, kakuda kali pakati. Koma anyamata ankakapatukira. Aliyense kakamuyandikira ankachepetsa liwiro n'kukasiyira njira. Kanapita patsogolo kokha, kenaka kanachepetsa nakonso, ngati kakudikira.

"Iwe Gome!" anakuwa aNangozo, mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. "Usawanyengerere! Sadya zopatsidwa amenewo!"

Gome anawayang'ana, n'kupukuta dzanja pa buluku. "Chabwino, madala. Mwaziputa nokha."

Pamenepo mpikisano unayamba weniweni. Kofiira ka Gome kanalumpha n'kupitirira. Kakuda kanakatsata pambuyo, osachoka. Pamalo owongoka kofiira kankathawa, pakona ya pachiuno kakuda kankatambalala n'kudulira mkati, n'kutulukira patsogolo. Wina anayamba kukuwa, kenaka onse. "Mudyeni, madala! Mudyeni wometa ameneyo!" Gome ankatukwana n'kumaseka, misozi ikuyenderera, akupinda thupi lonse ngati iyeyo ndiye akukhota. Kwa kanthawi tinaiwala kuti pakireti palibe munthu.

Ndinayang'ana manja a Sigele. Zala zake zinali phee.

Pozungulira komaliza kofiira kanatsogola ndi kamphuno chabe, ndipo kanadutsa mzere koyamba. Kakuda kanadutsa pambuyo pake. Sikanaime pomwepo. Kanapitirira pang'onopang'ono, n'kulunjika pamene mpanda unagwa. Ndinakulunga chitenje cha Sigele padzanja langa kawiri. Pampata penipeni kanaima. Kanabwerera chambuyo, kanatembenuka, kanadutsa pamapazi a aNangozo mwapang'onopang'ono, n'kubwera kudzagunda nsapato ya Sigele mofewa. Kulira kwake kunatha.

Palibe anasuntha. Amene analoza ndi Abiti Jafali, ndi chibwano. Pamzati panalibe kanthu. Kapegi kachikasu kanali pathabwa, pamsomali wake, pakati pa kofiira ndi kobiriwira, kakugwedezeka pang'ono ngati kangosiyidwa kumene.

Gome anavula chipewa, anapita, ananyamula kireti ija n'kukaiika kumpanda.

Sigele anawerama n'kutola kagalimoto kake. Anatsamira mutu paphewa langa, ndipo tsaya lake linali lofunda.

"Amayi," anatero, "kunyumba kwatsala chakudya?"